Utoto, Kuwala ndi Ophunzira: Mphotho za Pulofesa Tebello Nyokong

Tsekani kaye makope, ana inu, mutchere khutu. Mu 2023 bungwe la Royal Society la ku London linasankha mayi wina wa ku South Africa, Pulofesa Tebello Nyokong, kukhala membala wake. Bungweli linayamba mu 1660, ndipo m'buku limene mamembala amasainamo muli dzanja la Isaac Newton ndi la Charles Darwin. Kumeneko munthu salembera kalata yopempha malo. Amene ali kale m'katimo ndiwo amatchula dzina lako, n'kusanthula ntchito yako, n'kuvota. Kwa zaka 285 sanasankhepo mkazi wasayansi ndi mmodzi yemwe, mpaka mu 1945 pamene Kathleen Lonsdale ndi Marjory Stephenson analowa.

Ambiri mwa inu mumaganiza kuti mphotho ya anthu ophunzira kwambiri ili ngati ya tsiku lotsekera sukulu, pamene wakhala nambala wani amaitanidwa kutsogolo n'kulandira makope ndi zolembera. Ayi. Pamayeso anu yankho limakhala lodziwika kale, lili m'thumba mwa mphunzitsi. Wochita kafukufuku amafunsa funso limene yankho lake palibe amene ali nalo, ndipo omuweruza amayang'ana zinthu ziwiri: nzeru yatsopano imene wabweretsa, ndi anthu amene wawasula kuti apitirize kufufuza. Nkhani ya Mayi Nyokong ili ndi zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndaisankha.

Iwo anabadwa mu 1951 ku Maseru, m'dziko la Lesotho. Ali ndi zaka 8 ankakhala ndi agogo awo kumapiri, ndipo amafotokoza okha kuti tsiku lina ankapita kusukulu, tsiku linalo kubusa ndi nkhosa. Chimene ankalakalaka pa nthawiyo chinali nsapato zawozawo. Kusekondale anayamba ndi maphunziro ena osakhala a sayansi, ndipo anasintha kutatsala zaka ziwiri zokha kuti alembe mayeso omaliza, amene anakhoza mu 1972. Inu atsikana amene munathawa Chemistry polowa Fomu 3 chifukwa anzanu anati ndi ya anyamata, mwamva? Digiri yoyamba anaitenga pa National University of Lesotho mu 1977, yachiwiri pa McMaster University ku Canada mu 1981, ya udokotala wa maphunziro, PhD, pa University of Western Ontario mu 1987. Anakachitanso kafukufuku pa University of Notre Dame ku America. Mu 1992 anayamba kuphunzitsa pa Rhodes University, m'tauni yaing'ono ya Grahamstown imene lero ikutchedwa Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape. Chakacho chisungeni: kunali kutatsala zaka ziwiri kuti anthu akuda a ku South Africa avote koyamba, ndipo Rhodes inali imodzi mwa mayunivesite amene kwa nthawi yaitali ankadziwika kuti ndi a azungu.

Tsopano tibwere pa ntchito yeniyeniyo, chifukwa kutchula mphotho osadziwa chimene munthu anachita n'kuwerenga mayina chabe.

Mayi Nyokong si dokotala wa kuchipatala. Ndi katswiri wa Chemistry, ndipo gawo lalikulu la moyo wawo wa ntchito alithera pa banja limodzi la utoto lotchedwa phthalocyanine. Dzinalo lisakuopseni, utotowo mumauona tsiku ndi tsiku. Ndi umene umapereka mtundu wabuluu ngati thambo mu penti, m'mapulasitiki ndi mu inki yosindikizira mabuku a zithunzi. Unatulukira mwangozi. Mu 1928, pa fakitale ya utoto ya ku Grangemouth ku Scotland, ogwira ntchito anaona chinthu chabuluu m'thanki yachitsulo imene ankapangiramo mankhwala ena. Chimene chinachitika n'chakuti mankhwalawo anakhudzana ndi chitsulo cha thankiyo. Reginald Linstead wa ku Imperial College ku London ndiye anafufuza kapangidwe kake, ndipo pofika mu 1935 utotowu unali pamsika.

Onani chimene ndajambula pabolodi. Molekyu yake ndi bwalo lalikulu, lafulati, la maatomu a kaboni ndi naitirojeni, ndipo pakati pali malo amene atomu imodzi ya chitsulo imakhalapo. Amene mumamvetsera pa Biology mwaizindikira kale nkhope imeneyi. Chinthu chofiira cha m'magazi athu, chimene chimanyamula okosijeni, chili ndi bwalo lofanana nalo, pakati pali ayironi. Chobiriwira cha m'masamba, chlorophyll, nachonso ndi bwalo, pakati pali magineziyamu. Kusiyana kwake n'kwakuti phthalocyanine ndi yopangidwa ndi anthu, ndipo katswiri angathe kusintha chitsulo cha pakaticho mmene akufunira: kopa, zinki, aluminiyamu, kobati. Ukasintha chitsulo, khalidwe la utoto limasinthanso. Apa ndi pamene pagona luso lonse.

Nanga utoto ukukhudzana bwanji ndi khansa? Bwererani nane ku Munich, ku Germany, cha m'ma 1900. Wophunzira wina wa zaudokotala, Oscar Raab, ankayesa utoto wotchedwa acridine pa tizilombo ta selo imodzi ta m'madzi. Anaona kuti mumdima tizilomboto tinkapirira, koma pakuwala tinkafa msanga. Utoto wokha sunkapha kwenikweni, kuwala kokha sikunkapha, koma ziwirizi pamodzi zinkapha. Mphunzitsi wake, Hermann von Tappeiner, anapitiriza kufufuza, ndipo zinadziwika kuti pali chachitatu chofunika, mpweya wa okosijeni. Zindikirani kuti amene anaona koyamba anali wophunzira, m'labotale ya mphunzitsi wake. Mfundo imeneyi tiifunanso kutsogoloku.

Njira yochizira imene inachokera pamenepa imatchedwa photodynamic therapy, ndipo imayenda chonchi. Wodwala amapatsidwa utoto, kudzera mumtsempha kapena popaka pakhungu. Pakapita maola kapena masiku, utotowo umakhala utachepa m'minofu yabwino koma utatsalira wambiri m'chotupa. Kenaka dokotala amaunika pachotupapo ndi kuwala kofiira, kawirikawiri kwa laser. Utoto umameza kuwalako n'kudzaza mphamvu, ndipo mphamvuyo umaipatsira okosijeni amene ali pafupi. Okosijeniyo amasanduka mtundu waukali, singlet oxygen, umene umawononga selo iliyonse imene wakumana nayo. Ubwino wake n'ngwakuti okosijeni waukaliyu sakhalitsa. M'madzi amatha m'kanthawi kochepa kwambiri, timagawo tingapo ta sekondi yogawidwa kamiliyoni, choncho sayenda patali. Amawononga pomwe wabadwira, pomwe pali utoto ndi kuwala, osati thupi lonse monga amachitira mankhwala ena a khansa amene amathothola tsitsi.

Chifukwa chiyani kuwala kofiira? Chifukwa ndiko kumalowa mozamirapo m'mnofu wa munthu. Kwabuluu ndi kobiriwira kumamezedwa ndi magazi ndi khungu pamwamba pomwe. Ndiye taganizani: phthalocyanine imaoneka yabuluu chifukwa imameza kuwala kofiira mwamphamvu n'kusiya kwinako kuti kufike m'maso mwathu. Chimene chinaupanga utotowu kukhala penti yabwino ndi chomwecho chimene chikuupatsa mwayi wokhala mankhwala.

Mankhwala oyamba a njira imeneyi, Photofrin, analoledwa ku Canada mu 1993. Koma ali ndi vuto: amatsalira pakhungu, moti wodwala amayenera kubisala dzuwa kwa mwezi kapena kuposerapo, apo ayi apsa. Kwa munthu wa kuno ku Africa, amene chakudya chake chili kumunda, limenelo si vuto laling'ono. Mankhwalawa samezanso bwino kuwala kofiira. Choncho akatswiri akhala akusakasaka utoto wabwinopo, ndipo gulu la Mayi Nyokong lili m'gulu la amene apita patali pa kusakaku.

Ntchito yake ndi yofuna kudekha, monga amanenera akulu za kuona maso a nkhono. Phthalocyanine sisungunuka m'madzi, pamene gawo lalikulu la thupi lathu ndi madzi. Mamolekyu ake, pokhala afulati, amakonda kusanjikizana n'kumatirirana, ndipo akatero mphamvu ya kuwala ija imangosanduka kutentha osafika kwa okosijeni. Ndiye wofufuza amalumikiza timagulu ta maatomu m'mbali mwa bwalo lija kuti lisungunuke komanso lisamatirire linzake. Amasintha chitsulo cha pakati: kopa, amene amapanga penti yokongola, n'ngwachabe pa ntchito imeneyi chifukwa amataya mphamvu msanga, pamene zinki, aluminiyamu ndi indium amachita bwino. Amamangiriranso utotowo pa tinthu ting'onoting'ono totchedwa nanoparticles, tina ta golide, kuti tiunyamule kukafika pachotupa. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa kamiliyoni. Tsitsi limodzi la pamutu panupo n'lonenepa mananomita masauzande makumimakumi. Utoto uliwonse watsopano uyenera kupangidwa, kuyeretsedwa, kutsimikizidwa kuti ndi womwewo, n'kuyezedwa kuchuluka kwa okosijeni waukali amene ukutulutsa. Wambiri umalephera, ndipo miyezi imathera pamenepo.

Utoto womwewu, ukauika kobati kapena ayironi pakati n'kuupaka pa kachipangizo koyezera ndi magetsi, umathandiza kuzindikira poizoni wochepa kwambiri m'madzi, monga zotsalira za mankhwala ophera tizilombo m'munda. Imeneyi ndi nthambi yachiwiri ya kafukufuku wawo, koma lero tiidutsa.

Pano ndikuchenjezeni, chifukwa ndimakudziwani. Wina asakanene kunyumba kuti aphunzitsi ati mayi wa ku South Africa wapeza mankhwala a khansa. Kuwala kofiira sikulowa kupitirira pafupifupi sentimita imodzi m'mnofu, choncho njirayi imathandiza pa zotupa za pakhungu ndi za m'malo amene kachingwe kowunikira kangafike, monga kummero, m'njira za mpweya ndi m'chikhodzodzo. Khansa yofalikira thupi lonse siigonjetsa. Ndiponso kuchoka pa labotale ya Chemistry kukafika pa shelefu ya kuchipatala ndi ulendo wa zaka khumi kapena kuposa, wodutsa m'mayeso a pa maselo, pa nyama, kenaka pa anthu. Mphotho zawo analandira chifukwa cha nzeru imene anaonjezera pa ulendowo.

Kodi nzeruyo imayezedwa bwanji? Wofufuza akapeza kanthu amalemba lipoti n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Mkonzi amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu a nkhani yomweyo, amene nthawi zambiri mayina awo saululidwa, kuti alifufuze zolakwika. Angalikane, angalibweze kuti akabwereze kuyesa, kapena angalivomere. Likasindikizidwa, ena amaliwerenga, ndipo akaligwiritsa ntchito amalitchula m'malipoti awo. Kutchulidwa kumeneku kumawerengedwa. Mayi Nyokong ndi ophunzira awo asindikiza malipoti oterewa mazanamazana. Ku South Africa kuli bungwe la boma la National Research Foundation limene limaika ofufuza m'magulu, litafunsa maganizo a akatswiri a m'maiko osiyanasiyana. Gulu A ndi la amene anzawo padziko lonse amawavomereza kuti ndi otsogola pa nkhani yawo. Iwo ali m'gulu limenelo, ndipo malowo si a muyaya, pakapita zaka zingapo munthu amayezedwanso.

Ine njira yowerenga malipotiyi sindiikhulupirira ndi mtima wonse. Imakopa anthu kudula ntchito imodzi kukhala timalipoti tinayi, ndipo imakondera nkhani zimene maiko olemera akuzifuna. Munthu wofufuza matenda a chinangwa sangatchulidwe kochuluka ngati wofufuza khansa, ngakhale ntchito yake itadyetsa mudzi wonse. Koma njira ina yabwinopo sinakhazikike, ndiye akupitiriza nayo.

Mphothozo zinabwera motsatizana. Mu 2005 Pulezidenti Thabo Mbeki anawapatsa ulemu wa dziko wa Order of Mapungubwe, wa mkuwa. Dzinali ndi la ufumu wakale wa m'mbali mwa mtsinje wa Limpopo kumene kunapezeka chipembere chagolide. Mu 2009 analandira mphotho ya L'Oréal-UNESCO ya akazi a sayansi, imene chaka chilichonse imapita kwa akazi asanu, mmodzi m'chigawo chilichonse cha dziko lapansi. Iwo anaimira Africa ndi maiko a Aluya, ndipo mphothoyo inabwera ndi madola 100,000. Mu 2013 National Research Foundation inawalemekeza chifukwa cha ntchito ya moyo wawo wonse. Mu 2016 African Union inawapatsa mphotho ya sayansi ya dzina la Kwame Nkrumah. Werengani nokha: PhD mu 1987, mphotho yaikulu ya kunja mu 2009. Pakati pamenepo pali zaka 22.

Komabe mukandifunsa ulemu umene unasintha zinthu kwambiri, sindingatchule mendulo iliyonse. Ndingatchule mpando wa kafukufuku umene boma la South Africa linawapatsa, pansi pa ndondomeko imene inayamba mu 2006. Mpando woterewu si wokhalira. Ndi thumba la ndalama la zaka zingapo limene limamasula pulofesa ku makalasi ambirimbiri, limalipirira ophunzira a digiri yachiwiri ndi a PhD, ndi kuyendetsa labotale. Mendulo imakhala mukabati, koma mpando umabala anthu. Pamodzi ndi thandizo lina la boma, iwo anasonkhanitsa ku Makhanda makina okwera mtengo ounikira zinthu za msinkhu wa nanomita, amene kale wophunzira wa ku Africa ankayenera kukwera ndege kuti akawakhudze. Lero malo ofufuzirawo pa Rhodes amatchedwa ndi dzina lawo.

Apa tafika pa mbali yachiwiri, yosula anthu, imene ambiri saiona chifukwa siijambulidwa m'nyuzipepala.

PhD siphunzitsidwa pabolodi ngati mmene ndikuchitira inemu. Wophunzira amapatsidwa funso limene silinayankhidwepo, n'kukhala nalo zaka zitatu kapena zinayi. Womuyang'anira ayenera kusankha funso losapepuka kwambiri moti n'kukhala lopanda phindu, komanso losalemera moti mwana wa eni n'kuthera zaka osapeza kanthu. Ayenera kupeza ndalama za mankhwala a mu labotale, za fizi, za chakudya ndi malo ogona. Ayenera kuwerenga zolemba za wophunzirayo mzere ndi mzere, kuzibweza zitafiira ndi inki, n'kuziwerenganso. Zinthu zikakanika kwa miyezi, ayenera kudziwa ngati vuto ndi ulesi, ndi makina, kapena ndi nkhawa ya kumudzi. Pomaliza buku la wophunzirayo limatumizidwa kwa akatswiri a kunja kwa yunivesiteyo, ndipo akalikana manyazi amagwira onse awiri. Chitani zimenezi kwa munthu mmodzi, mutopa. Mayi Nyokong achita kwa anthu makumimakumi, ochokera ku South Africa ndi m'maiko ena a mu Africa.

Mukadzaona lipoti la Chemistry, muyang'ane mndandanda wa mayina pamwamba. Mwambo wa ambiri ndi wakuti dzina loyamba ndi la amene anagwira ntchito ndi manja, kawirikawiri wophunzira, ndipo lomaliza ndi la mwini labotale. Dongosolo limeneli si laulemu chabe. Wophunzira akamakafuna ntchito, olemba ntchito amawerenga malipoti amene dzina lake lili poyamba. Alipo mapulofesa padziko pano amene amadya thukuta la ophunzira awo, kudziika patsogolo pa ntchito imene sanaikhudze, kapena kumusunga munthu zaka zambiri chifukwa ndi manja otchipa. Nkhani ya Raab ndi von Tappeiner ija imatha bwino chifukwa dzina la wophunzirayo linasungidwa, mpaka ife tikulitchula lero m'kalasi muno. Mayina ena ambiri anasowa.

Njira yodziwira mphunzitsi wabwino wa mtundu umenewu ndiyo kufunsa kumene ophunzira ake ali. Nditchule awiri. Kenneth Ozoemena, wochokera ku Nigeria, anachita PhD yake pa Rhodes pansi pa Mayi Nyokong, ndipo anadzakhala pulofesa pa University of the Witwatersrand ku Johannesburg, kumene amafufuza za mabatire ndi njira zosungira magetsi. Janice Limson, amene anayamba kusindikiza nawo malipoti ali wophunzira m'ma 1990, ndi pulofesa wa biotechnology pa Rhodes pomwepo, ndipo amapanga zipangizo zoyezera matenda ndi zoipa za m'madzi. Chimene ndikufuna muone n'chakuti onsewa sakubwereza ntchito ya mphunzitsi wawo. Wina wapita ku mabatire, wina ku zoyezera matenda, ndipo aliyense ali ndi ophunzira akeake. Sanatengere kwa iwo funso, anatengera kafunsidwe.

N'chifukwa chiyani boma liyenera kusamala za zimenezi? Mu pulani yake ya chitukuko ya 2012, South Africa inadziikira cholinga chotulutsa anthu a PhD oposa 100 pa anthu miliyoni imodzi iliyonse chaka ndi chaka pofika 2030, kutanthauza oposa 5,000 pachaka. Nyumba za makalasi ungamange m'chaka chimodzi ndalama zikapezeka. Koma wophunzira wa PhD angayang'aniridwe ndi munthu amene ali nayo kale, ndipo munthu mmodzi sangayang'anire bwino ophunzira ambiri nthawi imodzi. Khomo lopapatiza lili pamenepo. Dziko lopanda oyang'anira limatumiza ana ake anzeru kunja, monga Mayi Nyokong anachokera ku Lesotho kupita ku Canada, n'kumadikira kuti mwina abwerera. Ena amabwerera, ambiri amakhazikika komweko, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa katswiri wa Chemistry wopanda labotale nzeru zake zimangouma. Pulofesa mmodzi akamanga labotale yabwino kuno n'kukhalamo zaka zoposa 30, wophunzira wa ku Lagos kapena ku Harare amakhala ndi kwina kopita kosakhala London kapena Toronto.

Wina kumbuyoko akufunsa kuti nanga mphothozo n'zachiyani ngati chofunika ndi ophunzira. Funso labwino. Zili ndi ntchito yake, ndipo ndi ntchito ya ndalama. Opereka thandizo la kafukufuku amalandira makalata ochuluka kuposa ndalama zimene ali nazo, ndipo dzina limene lalemekezedwa kale ndi UNESCO limawerengedwa ndi maso ena. Mphotho imakoka ndalama, ndalama zimagula makina ndi kulipirira ophunzira, ophunzira amatulutsa malipoti, malipoti amakoka mphotho ina. Gudumu limeneli likayamba kuzungulira limadzikankha lokha. Kuipa kwake n'kwakuti limazungulira kwa amene ali nazo kale, pamene mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite yosauka, amene ali ndi makalasi a anthu mazana ndi labotale yopanda mankhwala, amavutika kuliyambitsa. N'chifukwa chake pa mbiri yonse ya mayiwa ine ndimalemekeza kwambiri zaka zoyambirira atafika pa Rhodes mu 1992, pamene kunalibe mendulo, mpando kapena wojambula zithunzi.

Belu latsala pang'ono. Tsegulani makope mulembe ntchito ya kunyumba. Usiku uno mutenge tochi, kapena nyali ya foni ya makolo anu mutapempha, muitsekere ndi zala zanu mumdima, mulembe mtundu wa kuwala kumene kukutulukira mbali inayo. Kenaka mufotokoze m'mizere isanu chifukwa chake dokotala wogwiritsa ntchito utoto wabuluu angasankhe nyali ya mtundu umenewo osati yobiriwira. Makope ndiwafuna pa tebulo langa Lolemba m'mawa, ndipo amene akopere kwa mnzake alembe dzina la mnzakeyo poyamba.